Tadala, Ukasankhe Sefuliya Yakoyako

Twapia, Ndola
Lachisanu madzulo

Mwana wanga Tadala,

Wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, ndipo m'nyumba muno mwatsala ine ndi zikwama zako zimene wandandalika pakhomo la chipinda. Mawa m'mamawa basi ikutenga kupita ku Kasama, kukayamba ntchito ya unesi imene waivutikira zaka zonsezi. Umandidziwa, ine pakamwa mpolemera. Ndikafuna kunena chinthu chachikulu ndimayamba kutsokomola, kenako ndimafunsa za mvula. Ndiye ndati ndikhale pathebulo pano dzuwa lisanalowe, ndilembe, ukawerenge m'basi popanda kundiyang'ana kumaso.

M'mawa uno unandipempha sefuliya ya malemu amayi ako, ija ya sitenilesi, kuti upite nayo. Ndinayankha kuti ayi, mwachangu ngati ndikuingitsa nkhuku pa mphale. Iwe unangoti, "Chabwino adadi," nkuibwezera pa shelefu, koma ndinaona mmene unaiikira pang'onopang'ono. Sindinayankhe bwino, mwana wanga. Yankho lokha silisintha, sefuliya itsala, koma uyenera kumva chifukwa chake, ndiponso uyenera kudziwa kasankhidwe ndi kasamalidwe ka yako ukakafika. Zimene ndikulembere apa zambiri ndinazidziwa mwa kuwononga zinthu pamaso pa amayi ako.

Ine ndinakulira ku Chamboli, ku Kitwe, m'nyumba za mgodi. Agogo ako aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata nadzakhala kalaliki pa mgodi, ndipo m'nyumba tinkalankhula Chinyanja, tikangoponda panja Chibemba. Mapoto a agogo ako aakazi anali a aluminiyamu, opyapyala, akuda kunja ngati kunsi kwa basi. Loweruka lililonse alongo anga ankawakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka kuwala, osadziwa kuti kukwechako nkomwe kunkawadya. Poto sankachedwa kudontha. Pankadutsa mkulu wina wa njinga, akumenya kachitsulo, akufuula kuti akhoma mapoto, ndipo amayi ankamutulutsira mulu wonse. Ankadula kachitini nkukhomerera pabowo, poto nkubwerera pamoto ali ndi zigamba ngati kabudula wanga wa kusukulu. Ndinakula ndikuganiza kuti poto aliyense amabooka, monga nsapato iliyonse imatha chidendene. Choncho pamene ndinkakwatira, za mapoto ndinali mbuli, koma mbuli yodziyesa yodziwa.

Ndinakwatira amayi ako ndili kalaliki wa mosungira katundu pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area. Tinkachita lendi zipinda ziwiri ku Nkwazi. Ndola ya masiku amenewo iwe sunaione. M'mawa malipenga a mafakitale ankalira molandizana, msewu nkudzaza amuna a maovolosi pa njinga, ndipo mphepo ikachokera kumeneko unkamva fungo la sopo, la mphira wotentha, nthawi zina la buledi. Tsiku lina la malipiro, pageti panaima munthu atatsegula buti ya galimoto, m'menemo muli masefuliya onyezimira ngati galasi, olowetsana kuyambira yaikulu mpaka kakang'ono. "Sitenilesi yeniyeni, ba kalaliki," anatero, "madamu akakuvinirani." Ndinadziyang'ana pa chivundikiro, ndinaona mano anga onse, ndinagula seti yathunthu. Ndinaimanga pa keliyala ya njinga, ndikuimba mluzu njira yonse.

Amayi ako sanavine. Ananyamula imodzi ndi zala ziwiri, naigogoda kunsi ndi chikhadabo. Inalira kuti ngwee, ngati chitini cha mafuta. "Abambo," anatero, "mwagula magalasi kapena mapoto?" Ine ndinakwiya, ndinati akazi a m'tauni sayamika. Iwo sanatsutse, anangotsuka nkuyamba kuphikira. Mpunga unkapserera pakati m'mbali uli wauwisi. Mkaka ukangofunda pang'ono, pansi pagwira kale. Koma chimene sindidzaiwala ndi Lamlungu lina tikukonzekera kutchalitchi. Ananyamula sefuliya ya madzi owira kuti athire m'beseni, chogwirira chinangoguluka nkuwatsalira m'manja. Chinali chongomatidwa ndi timadontho ta kuwotcherera. Madzi onse anathera pa phazi lawo lamanzere. Ndinawabereka mpaka pamsewu, nditavala jekete la kutchalitchi, iwo akuluma kolala yanga kuti asalire pamaso pa anthu. Chipsera chija unkakonda kuchifunsa uli mwana, iwo nkumakunamiza kuti ndi mapu a Malawi, chinachokera pamenepo.

Ndiye Tadala, ukalowa m'sitolo ku Kasama, kunyezimira kusakutenge mtima. Yamba ndi chogwirira. Suzumira m'kati mwa sefuliya. Ukaona mitu ya misomali yoboola chitsulo, yokhomedwa mbali zonse ziwiri, chogwirira chimenecho chidzakalamba pamodzi ndi sefuliya yake. Ngati m'kati muli see, kunja kwangomatidwa, uigwedeze mwamphamvu, ndipo chikangosuntha pang'ono uisiye pomwepo. Cha pulasitiki chimasungunuka pa mbaula, ndipo sikuluu yake imamasuka iwe osadziwa. Ndikubwereza, chogwirira poyamba. Ntchito yako ndi yoimirira tsiku lonse, mapazi ako uwasunge.

Phazi litapola, Loweruka lina amayi ako anati, "Tiyeni m'tauni, koma lero inu ndinu wonyamula basi." Tinalowa sitolo ndi sitolo mpaka njala inandigwira. Paliponse ankachita chimodzimodzi. Ankainyamula ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera. Ankaitembenuza nkukanikiza kunsi ndi chala chachikulu, ndipo ikangovomera kupindika ankaibweza. Ankaiika pa kauntala nkuikankha m'mphepete kuti aone ngati ikugwedezeka. Kenako ankavundikira, nkuzunguza chivundikiro kuti amve ngati chakhala kapena chikuvina. M'sitolo yotsiriza mayi wogulitsa anatopa nawo. "Bushe mulefwaya ukushita, nangu mulepima fye?" anafunsa, kuti kodi mugula kapena mukungoyesa. Amayi ako anaseka. "Awe mukwai, ndikufunsira mbeta. Munthu safunsira akuthamanga." Mayi uja anaseka nawo, nalowa kuseri, natulutsa imodzi imene sinali pa shelefu. Sinali yonyezimira kwenikweni. Inali ya msinkhu wapakati, kunsi kwake kochindikala ngati soli ya nsapato ya kumgodi. Anati pakati pa chitsulocho anatsekeramo aluminiyamu, ndiye amene amamwaza moto kuti ufike ponseponse m'malo moluma pakati pokha. Amayi ako anaigogoda. Inangoti gu, ngati chitseko cha matabwa a mukwa. Anandiyang'ana nati, "Iyi." Mtengo wake unali wokwera kwambiri, koma ndinakumbukira phazi lija, ndinalipira. M'basi anaiika pamiyendo ataikumbatira, ndipo mayi wina amene tinakhala naye mpando umodzi anafunsa ngati ndi mphatso ya ukwati. Iwo anati, "Inde, yangochedwa chabe."

Uchite momwemo, ndipo usachite manyazi kugogoda pamaso pa wogulitsa. Wogulitsa sadzadya nawe mpunga wopserera. Usagule seti. Gula imodzi yabwino, yokwana anthu awiri kapena atatu, chifukwa yaikulu kwambiri pa kasitovu kakang'ono imatentha pakati pokha, ndipo yaing'ono kwambiri idzakuphunzitsa kudya wekha. Ngati mwezi woyamba thumba silikulola, uziphikira kaye kapoto kakale kamene ndakuikira m'chikwama chabuluu, udikire. Kudikira sikunapheko munthu, koma kuthamangira pageti kunatsala pang'ono kulemaza amayi ako. Ukaigula, uitsuke kaye ndi madzi ofunda ndi sopo usanaphikiremo, uchotse mafuta a kufakitale ndi kapepala komata kunsi kuja.

Kenako mafakitale anayamba kutseka, lero iyi, mawa iyo. Malipenga aja anachepa, mpaka m'mawa wina tinadzutsidwa ndi tambala. Yathu nayo inatseka. Tinachoka ku Nkwazi kubwera kuno ku Twapia, nyumba ino isanakhale ndi magetsi, pansi pali dothi lokhalokha. Tinagulitsa wailesi yaikulu, kabati, ngakhale njinga ija. Munthu wina atabwera kudzaona mipando, maso ake anagwera pa sefuliya. Amayi ako anangoitenga nkukhala nayo pamiyendo mpaka munthuyo anatuluka. M'sefuliya imeneyo ndi mmene anayamba kuphika ndiwo, nyemba, kapenta, nthawi zina chibwabwa, masamba a maungu aja, chotendera, nkumakagulitsa ndi mpunga masana kwa amakanika a magalaja amene anatsala kumafakitale kuja. Ine, munthu wozolowera tayi, ndinkawanyamulira dengu, kudutsa pageti pomwe ndinkalowera kale, nkhope ili pansi. Iwo ankayenda patsogolo akupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa mlonda amene ankalondera nyumba zopanda kanthu. Pa mbaula anali ndi mwambo wawo. Asanaitereke, ankaipaka sopo wonyowa kunja konse, kuti mwaye ugwire sopoyo. Pobwera ankangotsukuluza, mwaye wonse nkutsika ndi madzi. Ndiponso sankatereka malasha akali kulilima, ankadikira afiire, avale phulusa loyera pamwamba. Ku Kasama nako magetsi amathima, mbaula udzaifuna. Sopo kunja, malasha ofatsa. Usaiwale.

Bana Mwila a kuseri kwa mpanda umawatenga ngati mayi wako wachiwiri, koma sudziwa kuti ubwenzi wawo ndi amayi ako unayamba ndi misozi. Titangosamukira kumene, kwawo kunagwa maliro a apongozi awo, ndipo anabwera kudzabwereka ziwiya. Sefuliya inapita nawo. Inabwera maliro atatha, itakwechedwa ndi sitiluwulu ndi mchenga, m'kati monse muli mizeremizere ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe. Bana Mwila anaibweretsa monyadira, akuitembenuza padzuwa kuti tione mmene aiyeretsera. Amayi ako anailandira ndi manja awiri, nathokoza, koma chitseko chitangotsekeka anakhala pansi nalira. Ine ndinati, "Basi, sitibwereketsanso." Anapukuta misozi nandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Pa maliro? Tsiku lathu likadzafika mukufuna anthu adzaphikire m'zipewa?" M'mawa mwake anaitenga, ndi kansalu ndi sopo, nakakhala pakhonde la bana Mwila. Ndinkamva mawu akukwera, uku Chinyanja uku Chibemba, ndinati lero kuyitanidwa apolisi. Kenako ndinamva phwete, onse awiri akuseka. Kuyambira tsikulo mchere wathu ndi wawo unkadutsana pampanda. Mizere ija ilipobe, ndipo ndi momwe chakudya chimakonda kugwira mpaka lero.

Choncho sitiluwulu ndi mchenga zisayandikire sefuliya yako. Siponji yofewa ndi sopo wa mbale zakwana. Kubwereketsa ubwereketse, makamaka pa maliro, chifukwa kumene ukupitako ulibe m'bale, abale ako adzakhala a kuseri kwa mpanda. Koma kasamalidwe kake unene poipereka, osadikira ibwere itawonongeka.

Tinakhala zaka zambiri opanda mwana. Zimene anthu ankanena sindilemba, poti ena a iwo mawa abwera kudzakuperekeza. Utabadwa iwe, amayi ako anakhalitsa m'chipatala chifukwa anachitidwa opaleshoni, ndipo ine ndinatsala ndi khitchini. Masana ena ndinatereka phala loti ndiwapititsire, mnzanga wina nkundiitana pamsewu kuti andigwire chanza cha mwana. Chanza chinabala nkhani, nkhani inabala inzake, ine ndili kalikiliki kufotokoza mphuno yako. Chondibweza chinali utsi wotuluka pawindo. Phala linali litasanduka khala. Ndi mantha ndinaitenga sefuliya ili chitenthere nkuimiza m'ndowa ya madzi ozizira. Inalira kuti thoo, nthunzi nkundiphimba kumaso. Nditaivuula, kunsi kunali kutatukumuka pang'ono, ndipo m'mbali munali mitundu ya utawaleza. Ndinathamangira kwa bana Mwila, amene tsopano anali atasanduka katswiri. Anathiramo madzi ndi soda wophikira, naiwiritsa pamoto wochepa, naisiya izizire yokha. Khala lija linayamba kusendeka ndi mthiko ngati khungu la mbatata yophika. Utawaleza anauchotsa ndi ndimu. Koma kutukumuka kuja kunakana. Tsiku limene munatuluka m'chipatala, amayi ako anakugoneka, nalowa kukhitchini akuyenda mogwira khoma, naiika pathebulo. Inayamba gwedegwede. "Bashi Tadala," anatero, ndipo kanali koyamba kundiitana dzina limenelo, loti bambo a Tadala m'Chibemba, "mwana wanga wamkulu mwamuchita chiyani?" Ndinafuna kufotokoza, koma iwo anayamba kuseka atagwira pamimba posokedwa paja, akundipempha kuti ndileke kuwaseketsa, pomwe ine sindinatsegule ndi pakamwa pomwe.

Sefuliya yotentha usaithire madzi ozizira, ngakhale utachedwa bwanji kuntchito. Isiye izizire yokha. Zikapserera, madzi ndi soda, moto wochepa, ndi mtima wodekha. Mpeni kapena supuni usapalire. Ndipo usaisiye pamoto nkutuluka panja poti nkamphindi chabe, kamphindi kameneko ine ndikukadziwa. Pa sitovu ya magetsi uchenjere kawiri. Akathima, uzimitse sitovu pompo, chifukwa amabwera osagogoda, iwe uli kuwodi, sefuliya ili youma pamoto.

Za chaka chimene amayi ako anadwala sindinena zambiri, unalipo, uli giredi twelofu. Koma pali chimene sunachione. Mphamvu zitawathera, ankakhala pampando pakhomo la khitchini atafunda chitenje, akukulangiza iwe uli pa sitovu. Ine ndinkakhala pakhonde nditatambasula nyuzipepala, koma palibe mzere umene ndinkawerenga. Ndinkamvetsera. "Mchere udikire madzi awire, Tadala. Ukathira m'madzi ozizira umakhala pansi nkumadya chitsulo, timaenje timayamba choncho." Patapita nthawi: "Chepetsa moto, mwana iwe, sitenilesi siifuna ukali, imasunga kutentha yokha." Tsiku lina: "Ndiwo zamchere zisagone m'menemo, upakulire m'mbale. Ukatsuka upukute pompo, madzi akaumira okha amasiya mawanga." Iwe unkayankha kuti, "Ndamva amami," ndi mawu otopa a mwana wa sukulu amene ali ndi mayeso mawa. Ine pakhonde ndinkabwereza chamumtima ngati mavesi a Sande sukulu, chifukwa ndinali nditawerenga kale nkhope ya dokotala, ndipo ndinkadziwa kuti amayi ako akukweza mawu dala kuti afike pakhonde.

Maliro atatha, achibale anakhala pansi kugawana zovala ndi ziwiya monga mwa mwambo. Amayi ako aakulu a ku Luanshya anafunsa za sefuliya, "ija yolemera ija." Anaifuna pa shelefu, pansi pa bedi, mpaka m'dilamu la madzi. Iwe unali utakhala pamphasa, maso ali pansi, ukuti sukudziwa. Alendo onse atabalalika, ndinakuona pawindo ukutuluka nayo m'khola la nkhuku, itakulungidwa m'thumba la ufa, nthenga zili m'tsitsi mwako. Sitinakambepo za tsiku limenelo, lero nkoyamba. Ndiye ndikudziwa kuti pakanapanda iwe bwenzi ili ku Luanshya, ndipo ngati pali munthu woyenera kuitenga, munthuyo ndiwe.

Komabe ndikupempha, mwana wanga, undisiyire. Madzi a tiyi akawira m'mawa, chivundikiro chake chimagundagunda, ndipo kaphokoso kameneko nkokhako katsala m'nyumba muno kamene kamalira monga kankalira iwo ali moyo. Zovala zinapita, mpando uja unathyoka, ngakhale mawu awo m'mutu mwanga ayamba kuzilala. Iwe ukupita ndi nkhope yawo, kayendedwe kawo ndi kasekedwe kawo. Ine undisiyire chivundikiro. Ndikadzagona, sipadzafunikanso khola la nkhuku. Ndauza kale bana Mwila ndi akulu a mpingo kuti sefuliya ndi yako.

Ndipo usakhale kumeneko mtima uli kuno. Ndinakumva sabata yatha ukuuza bana Mwila pampanda kuti mwina ukane malowa, udikire ena a kuno ku Ndola, poti "adadi adzadya chiyani." Wadikira kale mokwanira. Anzako amene munamaliza nawo ali pantchito, iwe uli pano kundisitira malaya. Amayi ako anagulitsa ndiwo dzuwa likuswa mtengo kuti iwe uphunzire, lero wapeza yunifolomu yoyera, ndipo sindilola kuti uipinde m'chikwama chifukwa cha nkhalamba imene ili ndi manja awiri. Mwezi wonsewu wandiphunzitsa kuphika, ndipo ndikudziwa kuti ndakukhumudwitsa. Tsiku la kapenta lija ndinakoleza moto ngati ndikuwotcha njerwa, nyumba yonse utsi, iwe uli pakhomo ukutsokomola uku ukuseka, ukuti, "Adadi, mukuphika kapena mukuthamangitsa udzudzu?" Koma wophunzira wako sanagone m'kalasi.

Pali china chimene amayi ako sakanakuuza, poti sanadziwe kuti udzakhala nesi. Inu a kuchipatala mumakhulupirira mankhwala oyeretsera aja a fungo la kolorini. Ndakuona ukuviika chilichonse m'nyumba muno, mpaka makapu anga. Sefuliya yako usaiviike m'menemo, amaidya timaenje timene sitidzatsekekanso. Madzi a ku Kasama sindiwadziwa, koma akayamba kusiya zoyerayera pansi, wiritsamo madzi ndi viniga pang'ono, zichoka. Ndipo uziphika, Tadala. Ndikutsindika pamenepa. Ukachoka ku shifiti uli wefuwefu, udzafuna kungomwa tiyi ndi buledi nkugona. Ndinakuona nthawi ya mayeso otsiriza, unaonda mpaka khosi kutalika. Wodwala safuna nesi wa chizungulire. Tsiku lopuma uphike nyemba zokwana masiku angapo, uitane mnzako wa kuwodi, mudye awiri. Tchalitchi ukachipeze Lamlungu loyamba, usadikire kuzolowera, ndipo ukamve kuti kwaya amaphunzira tsiku liti.

Tsopano ndikuuze za masana ano. Utangotuluka pageti, ndinagwira tambala wofiira uja amene wakhala akutilanda tulo. Ndinapha ndekha, ndinasosola ndekha, ngakhale nthenga zina zinandivuta. Ndinawiritsa kaye kuti afewe, mchere ndinathira madzi atawira, ukumva? Nditachotsa nyama ndi msuzi, ndinaipukuta sefuliya, nkuibwezera pamoto wapakati ili yopanda kanthu. Ndinadonthezamo kadontho ka madzi monga unandionetsera. Koyamba kanangoti tsii nkuuma. Ndinadikira. Kachiwiri kanagubuduka pansi ponse ngati mkanda, ndipo pamenepo ndinathira mafuta, kenako nyama. Nyama inagwira pansi, gwa. Mtima unandiuza kuti zawonongeka, ndinatenga foloko kuti ndiyambe kukanganula. Sindikudziwa kuti bana Mwila anaima pampanda nthawi yaitali bwanji, ndinangomva mawu akulowa pawindo: "Bashi Tadala, ilekeni fye! Ikapsa idzimasula yokha!" Ndinaika manja kumbuyo ngati mwana wolangidwa, nkuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kuti ndisaikhudze. Nyimbo itatha ndinayesa ntchafu imodzi. Inatembenuka yokha, yofiirira bwino, osasiya ndi kakhungu komwe pansi. Ndinafuula kuti, "Bana Mwila, yamasuka!" Iwo analulutira kuseri kwa mpanda ngati kwabadwa mwana. Phiko limodzi lokha ndilo linapserera, poti ndinatanganidwa ndi kunyada, koma umboni umenewo ndaudya kale.

Fungo ulimva ukangolowa, ndipo ine ndinena kuti likuchokera kwa bana Mwila. Nkhukuyo ili m'kontena ya chivundikiro chobiriwira imene ndikupatse mawa pamodzi ndi kalatayi, ndaikamonso mbatata zophika. Usatsegule pa Kapiri, mpafupi kwambiri, udzakhala ukali kulira ndipo sudzamva kukoma. Udikire pa Serenje. Wokhala naye mpando umodzi umugawire. Koma nthutumba usagawe. Chikwatirire changa nthutumba m'nyumba muno yakhala ya mbale yanga, lero ndaiika pamwamba penipeni, ndi yako.

Ukalawa undiimbire foni pomwepo. Ngati mchere wachepa unene, usandinyengerere. Ndikhala pakhonde ndikudikira zotsatira za mayeso anga.

Geti lalira, ndiwe ameneyo. Mulungu amene anatsogolera agogo ako kuchoka ku Dedza akutsogolere nawenso, akusunge polowa ndi potuluka.

Ndine bambo wako,
Bashi Tadala